Phiko Limodzi Lokha

Kampani ya boma imene atate ankagwirako ntchito itagulitsidwa, nyumba ya ku Woodlands inapita nayo limodzi. Tinasamukira ku Chelstone, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni. Mipando tinagulitsa, koma nkhunda zawo atate anakana kwamtuwagalu.

Nkhunda sizidziwa za kusamuka. Tikangotsegula khola, basi zapita pa denga lakale. Atate, munthu wa tayi, ankakagogoda pa geti lomwe linali lawo kukapempha mbalame zawo, ndipo ine zinkandichititsa manyazi. Tsiku lina mwini watsopanoyo anawauza kuti zikabweranso adzazidya.

"Imwe, dulani chabe mapiko na sizasi," anatero amayi.

"Iyayi. Ukadula, chitsa chisala mukati, nthenga yanyowani siimela mpaka chaka. Tizazula."

Anazula nthenga zazitali za phiko limodzi lokha, ine nditagwira miyendo. Anatenga imodzi, naing'amba m'mbali, kenako anaisisita ndi zala mpaka inalumikizananso.

"Waona? Muli tumbeza tung'ono tugwilana. Ndiye chifukwa mphepo siipita."

Anatembenuzanso khosi la yaimuna padzuwa. Linali lobiriwira, atalipendeketsa linafiirira. Kanthenga kamene kanathothoka pamenepo ndinalowa nako m'nyumba, ndipo kanali kotuwa ngati phulusa. Ndinkayesa wina wandisinthira.

"Si penti iyo," anatero atate. "Ni mwamene yapangikila, ifuna zuba."

Kwa milungu ingapo nkhunda zinkangoyenda pansi, zikayesa kuuluka n'kugwera mbali imodzi. Atate sankapirira kuziona. Nthenga zatsopano zinatuluka ngati timachubu todzaza magazi, kenako n'kutambasuka. Pofika nthawi imeneyo zazikazi zinali zitaikira mazira, monga momwe atate ankafunira, poti nkhunda sithawa mazira ake.

Tsiku limene zinaulukanso tonse tinaima panja, mitima ili m'mwamba. Zinazungulira, n'kulowera cha ku Woodlands, mpaka sitinazionenso. Amayi anabwerera ku mbale zawo. Atate sanasunthe. Patapita kanthawi tinamva mapiko, ndipo zonse zinatera pa malata athu.

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Atate anangoti, "Zazolowela," n'kulowa m'nyumba.

Loweruka lotsatira anavala tayi n'kukwera minibasi. Ndinawatsatira. Anakaima tsidya la msewu, moyang'anana ndi geti lija, opanda choti akapemphe. Anachita zimenezi Loweruka lililonse mpaka miyendo inawakana, ndipo nkhunda zinapitiriza kuswana ku Chelstone.