Tinkayesa Ndi Asilamu Anzathu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya sukulu ndili sitandade 3, nthawi ya chipani chimodzi, pamene ku doko la Chipoka kunabwera amuna atatu achilendo kudzakonza injini ya sitima yonyamula katundu. Sanali azungu, sanali amwenye. Anthu ankati ndi Matchaina, mpaka a Nyirenda, aphunzitsi a ku pulayimale, anatiuza kuti kwawo ndi ku Filipini, dziko la pa zilumba. Bwana amene anawabweretsa anapita ku tauni ndi mapasipoti awo, akuti kukagula zitsulo, ndipo sanabwerenso. Alendowo anatsala akugona m'shedi ya malata, akudya mango ndi usipa wopempha kwa asodzi.

Amayi ankagulitsa mpunga wophika pafupi ndi geti la doko, ine Asiyatu ndikuwatsukira mbale. Tsiku lina anamupakulira wamng'ono wa alendowo, amene tinkamutcha Lodelo, osamulipiritsa. Iye analandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Salamat."

Titafika kunyumba amayi sanadikire kutula dengu. "Bambo a Asiyatu, anthu aja ndi Asilamu. Ndamva ndi makutu angawa akuti salama."

"Mwamvetsetsa, kapena ndi phokoso la injini?"

"Ine ndine gonthi?"

Abambo anakanena ku mzikiti, ndipo akuluakulu anachita manyazi kuti Asilamu anzawo akhala ndi njala pakhomo pawo. Lachisanu lotsatira kunali sadaka ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Alendo aja anaitanidwa. Anakhala pa mkeka pansi pa mtengo kuseri kwa mzikiti, ndipo ine ndinawathirira madzi osamba m'manja. Shehe atati Bisimila, onse atatu anakweza dzanja lamanja, kukhudza pamphumi, pachifuwa, phewa ili ndi phewa ilo, monga amachitira Akatolika. Lodelo atawerama kuti atape mpunga, kamtanda ka pa chingwe kanatuluka m'malaya mwake n'kumalendewera pamwamba pa mbale.

Madzi ananditayikira kumapazi. Palibe anatafuna. Amalume a Jafali, alongo awo a amayi, anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Alamu, mwatiitanira akafiri pa mpunga wa sadaka?"

Abambo anangoyang'ana mkeka. Shehe anati, "Mpunga ukuzizira," n'kuyamba kudya. Ena anadya nawo, amalume ananyamuka. Mawa lake a Nyirenda anatifotokozera kuti mawu aja m'chilankhulo cha alendowo amangotanthauza zikomo. Kuyambira pamenepo amayi akafika pa mjigo anzawo ankawalonjera kuti, "Salamat, mayi a Asiyatu, abale anu adzuka bwanji?" Amayi anasamutsa dengu lawo kuchoka pa geti, ndipo Lodelo akamadutsa ankayang'ana kumbali.

Kenako linafika tsiku la msika. Anyamata a chipani anatseka njira kuti aone makadi a umembala. Tsitsi la Lodelo linali litafika m'mapewa, ndipo masiku amenewo mwamuna sankaloledwa kuweta tsitsi lotero. Anamufunsa khadi, iye osamva. Anamukhazika pa dothi. Wina anaswa botolo pa mwala n'kuyamba kumumeta ndi phale lake. Ndinaona magazi akutsikira kuseri kwa khutu, kulowa m'kolala. Msika wonse unalipo, ogulitsa nsomba, otsika m'sitima ya pamtunda, koma aliyense ankayang'ana katundu wake. Ine ndinangoima ndi mbale m'manja. Atatha anamupititsa ku polisi. Kumeneko anamufunsa mapepala, analibe, ndipo mlandu unakhala wakuti ali m'dziko popanda chilolezo. Anthu ankati akapita ku ndende sadzabwerako, poti alibe womufunsira. Anzake awiri aja anabisala.

Munthu wa m'selo ankadalira chakudya cha abale ake. Koma wobweretsa mbale ankafunsidwa dzina ndi mudzi, ndipo kuyambira pamenepo ankadziwika kuti ndi wa munthu womangidwa ndi anyamata a chipani. Palibe ankafuna zimenezo.

M'mawa mwake ndinapeza amayi akupakula mpunga m'kontena.

"Mukudziwa kuti akakulembani dzina?" anafunsa abambo.

"Ndinamutcha m'bale ndine, anthu onse akumva. Andiseka mokwanira. Ndiye ndimukane lero poti ali m'selo?"

Anabereka mng'ono wanga, ine ndinasenza kontena. Wapolisi wa pa kauntala anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mayi, ameneyu ndi ndani wanu?"

Amayi anayankha kuti, "Ndi mlendo wa pa mzikiti pathu, bwana."

Wapolisi analemba momwemo. Nkhani itamveka, amalume anabwera kwathu akupuma ngati athamanga. "Achemwali, mwatilembetsa tonse ku polisi chifukwa cha munthu wa mtanda?" Amuna ena anakwiya chimodzimodzi. Koma Shehe anati popeza mzikiti walembedwa kale, kuthawa ndi kumene kungaoneke ngati tikubisa kanthu. Anagawa masiku, nyumba iliyonse kuphika ndi kukapereka yokha, ndipo chakudya china chinkapita kwa awiri obisala aja. Ngakhale akazi awo a amalume anaphika. A Nyirenda, odziwa Chingerezi, anapita ndi abambo ku boma ku Salima, ku ofesi ya za ntchito, kukafotokoza za bwana wothawa ndi mapasipoti.

Tsiku la mlandu sindinapite. Abambo anatiuza kuti mabenchi a m'khoti anadzaza makanzu ndi zikofiya. Woweruza anafunsa Shehe ngati womangidwayo ndi wa chipembedzo chawo. Shehe anati ayi.

"Nanga mwabwereranji nonsenu?"

"Anadya kwathu, bwana."

Lodelo anatulutsidwa n'kuperekedwa m'manja mwa mzikiti kufikira mapasipoti atapezeka. Atapezeka, anakwera sitima ya pamtunda ndi anzake mvula isanayambe, ali ndi chipsera kuseri kwa khutu pomwe tsitsi silinamerenso.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti amayi analibe mantha. Tsopano ndili ndi wanga mwana kumsana, ndipo ine ndi munthu amene ngakhale ku sikelo mawu amandithawa. Ndimakumbukira kuti pochokera ku polisi tsiku lija, amayi anakhala pansi m'mbali mwa njanji ndipo anasanza. Mantha anali nawo ochuluka kuposa anga. Ankadziwa kuti mayi mmodzi wogulitsa mpunga akhoza kutengedwa anthu osafunsa, koma mzikiti wonse sungakwane m'selo. N'chifukwa chake pa kauntala paja anatchula mzikiti, osati dzina lawo lokha.