Dzuwa la pa Chipata cha Chileka

Amuna anga anali pentala. Tinkakhala ku Lirangwe, ndipo pafupifupi golosale iliyonse ya pamsewu inali ndi dzina lolembedwa ndi dzanja lawo. Chaka china anawaitana ku Chileka kukapenta chipata chamatabwa chimene chinamangidwa modutsa pamwamba pa msewu wa ku bwalo la ndege, poti mwini dziko ankabwera kuchokera kunja. Anawauza kuti pamwamba pake ajambule dzuwa lofiira likutuluka, ngati la pa mbendera. Masiku amenewo dzuwa limeneli linali paliponse: pa nsalu zathu zovinira, pa makoma a sukulu, pa zitseko za maofesi. Mulungu analenga limodzi, ife tinalichulukitsa.

Analijambula bwino ndithu, theka lokha, kuwala kwake kuli nyezinyezi. Koma omanga chipatacho sanafunse kumene dzuwa la Mulungu limalowera. Munthu wochokera m'tauni madzulo ankaona dzuwa lenileni likutsikira kuseri kwa lojambulalo, mpaka awiriwo kukhala ngati limodzi. Wina anaona, ndipo anakanena.

Loweruka masana kunabwera atcheyamani a chipani a dera lathu, ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Atcheyamaniwa anali mkulu wa mpingo kwathu komwe. Ndinawayalira mphasa, koma anakana kukhala.

"Apentala," anatero, "dzuwa lanu lija, likutuluka kapena likulowa?"

"Likutuluka, achimwene."

"Lero si ine achimwene. Anthu akuti likulowa. Ndiye mukufuna kunena kuti dzuwa la ndani likulowa?"

Anthu ankatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi, ndipo akazi awo ankakalamba akudikira. Ndinaganiza zothandiza ndi zimene ndinkadziwa.

"Atcheyamani, si inu nomwe munatiwerengera m'tchalitchi kuti dzuwa limatuluka, n'kulowa, n'kubwerera kumene linatulukira? Lotuluka ndi lolowa ndi limodzi lomwelo."

Amuna anga anandiponda chala mwamphamvu. Mnyamata mmodzi anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Atcheyamani anati, "Mayi, za Lamulungu zisiyeni Lamulungu. Dzuwa ili likatuluka sililowa."

M'Malemba ndinkadziwamo munthu mmodzi yekha amene anaimitsa dzuwa, ndipo naye linangomuimira tsiku limodzi, nkhondo itatha linapitiriza ulendo wake. Koma zimenezo ndinazisunga mumtima.

Apa amuna anga anawomba m'manja mwaulemu. "Pepani atcheyamani, kulakwa n'kwanga. Ntchito ija sindinamalize, penti yakuda inandithera. Pambali pa dzuwa payenera kukhala tambala akulira. Kodi tambala amalira dzuwa likulowa?"

Atcheyamani anayang'ana anyamata awo, kenaka anagwedeza mutu. "Umenewo ndiye mutu. Tambala wake akhale wamkulu, wakuda bii, kukamwa kuli yasa. Lolemba ndimupeze."

Kenaka anakhala pamphasa paja, n'kumwa thobwa, n'kundikumbutsa kuti mawa ndi tsiku langa losesa m'tchalitchi.

Lolemba m'mawa amuna anga anakwera makwerero ndi chitini cha penti, ine nditagwira m'munsi, ndikupemphera. Tambala anatuluka wonenepa, khosi lili njo. Ndikumuyang'ana ndinakumbukira tambala wina, uja analirira wophunzira amene anakana Ambuye wake poopa anthu a pabwalo. Sindinamuweruzenso wophunzirayo kuyambira tsiku limenelo. Kuopa ndinali nditakudziwa kukoma kwake.

Mwini dziko anadutsa pansi pa chipatacho galimoto ili pa liwiro, ndipo sindikhulupirira kuti anakweza maso. Amuna anga sanatengedwe. Anagona kunyumba kwawo usiku umenewo ndi zaka zonse zotsatira, ndipo ndimayamika Mulungu amene anawapatsa yankho pa nthawi yake.

Chipatacho chinakhalitsa. Dzuwa lake linangokhala theka, silinafikepo pa liwombo. Madzulo alionse la Mulungu linkatsikirabe kuseri kwake, monga linalamulidwa pa chiyambi, ndipo tambala uja ankakhala ali yasa, kulirira mdima. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti tambala wolira madzulo ndi malodza, ndipo amadziwanso chimene amamuchita. Tinkadutsa pamenepo pa basi yodzadza, aliyense akuyang'ana pansi.