Mkulu Wokonza Mawailesi Kuseri kwa Msika

Kuseri kwa msika wa pa Boma ku Mchinji kuli mkulu wina wokonza mawailesi. Magalasi awo ndi omanga ndi waya mbali imodzi, ndipo chilichonse chimene wawabweretsera amayamba achinunkhiza kaye. "Chopserera sichibisika," amatero.

Zelifa, amene amataipira madalaivala a mathiraki zikalata zowolokera malire, sawaiwala mkuluyu. Galasi la laputopu yake yakale litasweka, adagula sikirini yogwiritsidwa kale ntchito ku Chipata n'kulumikiza. Koma zonse zinkaoneka zofiirira, zilembo zosawerengeka, uku madalaivala atatu akudikira panja, wina akunena zopita kwina.

Mkuluyo ataitanidwa, laputopuyo sadaikhudze n'komwe. Adazula chingwe cha sikirini n'kusuzumira kumutu kwake.

"Mayi, kadzino kamodzi kapindika umu. Tandibwerekani phini."

Adakawongola pang'onopang'ono, mpweya ataugwira, n'kubwezeretsa chingwecho. Zilembo zija zidatulukira zakuda bii pamalo oyera.

"Bambo, makompyuta mudaphunzira kuti?" adafunsa Zelifa.

"Sindidziwa ngakhale poyatsira pake. Ine ndimadziwa mawaya basi."

Pamene Zelifa ankasaka mawu owathokozera, mkuluyo anali atafika kale pakhomo, akuuza madalaivala aja kuti alowe.