Nkhafi imene ndinatola ku Chikale

Ntchito yanga yeniyeni inali ya ukalaliki pa ofesi ina pa boma, koma anthu ambiri ku Nkhata Bay ankandidziwa chifukwa cha ndodo za pulu. Bambo anga anabwera kuchokera ku Joni ndi bokosi la zipangizo za ukalipentala, ndipo atamwalira bokosilo linatsalira ine. Kuseri kwa nyumba ndinamanga kashedi. Ndinalumikiza mota yakale ya pampu ya madzi ndi lamba wa injini ya minibasi, n'kukhala ndi makina ozunguza mtengo ine ndikuusema ndi tchizulo.

Matabwa atsopano sindinkawafuna, chifukwa amapindika akamauma. Ndinkasaka mitengo imene yagwira kale ntchito zaka zambiri, monga mipini ya mapiki ndi mafelemu a mabedi akale. Ndodo zanga zinali za zigawo ziwiri zolumikiza ndi bawuti ya galimoto. Kunsonga ndinkaika kafupa ka ng'ombe ndi kachikopa kodula ku lamba wakutha, kumbuyo mphira wa patapata.

Chaka chimenecho mwera unavuta kwambiri. Lamlungu lina m'mawa, ndikuwongola miyendo kugombe la Chikale ndisanapite ku tchalitchi, ndinaona nkhafi itakodwa pakati pa miyala. Kopalasira kwake kunali kutang'ambika, koma mpini unali wathunthu, mlombwa wofiira wosalala chifukwa cha manja a mwini wake. Chakumapeto kwa mpiniwo kunali mizere itatu ndi kamtanda, zowotcha ndi msomali wamoto.

Ndinali nditamva kuti msodzi wina wa ku Mwaya anapita panyanja Lachinayi ndipo sanabwerere. Ndikhala ndikunama ndikati zimenezi sizinandifike m'mutu pamene ndinkaitola. Zinandifika, koma ndinadziuza kuti nkhafi zimatayika tsiku ndi tsiku. Mtengowo unali wokongola kwambiri, ndipo ndinali ndi munthu wondidikira: mkulu wina wa ku Mzuzu, mwini maminibasi awiri, amene ankafuna ndodo yosafanana ndi ya wina aliyense. Ndinaiika nkhafiyo paphewa n'kudzera njira yakuseri.

Ndodoyo ndinaikonza kwa masabata atatu. Mpiniwo unali kale wochepa bwino, moti ndinangoupala pang'ono, ndipo mizere ija sinafufutike. Ndikanatha kuichotsa ndi sandipepa. Ndinaisiya chifukwa inkaoneka ngati chokongoletsera, n'kupakapo vanishi kawiri.

Loweruka masana ndinapita nayo kumalo osewerera pulu pafupi ndi pokwerera maminibasi, pashedi ya malata pamene pamadzaza makondakitala ndi asodzi ochokera kogulitsa nsomba. Mkulu wa ku Mzuzu uja anailumikiza yekha, anaigubuduza patebulo kuti aone ngati ndi yowongoka, anapaka choko n'kumenya. Mpira unalowa, anthu anaseka, ndipo aliyense ankafuna kuigwirako.

Inafika m'manja mwa mwamuna wina wamtali, wovala malaya odetsedwa ndi mamba a nsomba. Anthu akagwira ndodo amayamba kuyang'ana kunsonga. Iye anaitembenuza n'kuyang'ana kumbuyo. Anayendetsa chala chachikulu pa mizere ija kwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'Chitonga, motsitsa mawu.

"Ada, mtengo uwu munaupeza kuti?"

Ndinayankha kuti ndi mtengo wakale umene unali kunyumba. Bodzalo linatuluka lokha, ndisanaganize n'komwe.

"Mizere iyi ndinawotcha ndine," anatero. "Iyi ndi nkhafi ya akulu anga."

Amene ankasewera patebulo linalo anasiya. Anthu onse pamenepo ankadziwa za munthu wosowayo, ndipo ine ndekha sindinkadziwa kuti m'tauni mukumveka mphekesera yoti sanamire ndi mwera, koma anachitidwa chipongwe pa mkangano wa maukonde. Wina kumbuyo anafunsa m'Chitumbuka chifukwa chake ndanama ngati ndilibe mlandu. Wina anati ndinene amene anandigulitsa. Mkulu wa ku Mzuzu anayesa kulanda ndodo yake, akunena kuti iye nkhaniyi sikumukhudza, koma msodziyo sanaisiye. Anthu anali atatseka potulukira, ndipo msana wanga unali utagunda tebulo. Ndinaona kondakitala wina atanyamula mpira wa pulu m'dzanja, akuupima kulemera kwake.

Ndinaulula zonse: tsiku, malo, miyala yake, ndi kuti za munthu wosowayo ndinali nditamva. Ena anati anditengere kupolisi, ena anati apolisi achedwetsa zinthu. Msodzi uja sanakweze mawu ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiopsa kwambiri. Anangoti zimene ndanenazo ndikazinene pamaso pa amayi awo.

Tinayenda wapansi mpaka ku Mwaya dzuwa lili pamutu, iye patsogolo ndi ndodo, ine pakati, anthu ena angapo pambuyo. Panjira tinakumana ndi mnzanga wa ku ofesi. Anandiyang'ana, anayang'ana gulu lija, n'kupitirira osapereka moni.

Amayi awo tinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, pamodzi ndi mkazi wa wosowayo. Anali mayi wachikulire, wa mvano kutchalitchi kwathu komwe, ndipo ankawadziwa bambo anga. Ndinagwada pansi pa khondelo. Mwana wawo anawapatsa ndodoyo. Anaiyang'ana, anainunkhiza, n'kupukusa mutu chifukwa inkanunkha vanishi yekhayekha. Mkazi wa wosowayo analowa m'nyumba, ndipo tinamva akulira.

Mayiwo anandifunsa mafunso ambiri, limodzi ndi limodzi, mosafulumira. Miyala yake iti, nkhafiyo inali pamwamba pa madzi kapena pouma, panali chingwe kapena chovala pafupi, kung'ambikako kunali ngati kwa mwala kapena kwa chikwanje. Ndinayankha kuti kunali kwa mwala, chifukwa mtengo wotemedwa ndimaudziwa. Anandifunsanso funso lomwelo kawiri. Anthu amene anatitsatira aja anali ataima kumpanda, akumvetsera yankho lililonse.

"Ife sabata yonse ija tinkafuna mbali inayo," anatero. "Mukanabwera Lamlungu lomwelo, mwina tikanamupeza akadali woti n'kumuika m'manda."

Ndinangoti, "Ama, ndinalakwa."

Mayiwo anatembenukira kumpanda n'kuwauza anthu aja kuti azipita kwawo, pakhomo pawo si pa bwalo la milandu. Anachoka pang'onopang'ono, ena akung'ung'udza. Ine ndinapotokola ndodoyo n'kuwapatsa chigawo cha mpini. Ataona bawuti itatulukira pakati pake anandibwezera.

"Chotsani chitsulo ichi ndi zonyezimirazi. Mwana wanga sankasewera pulu."

M'mawa mwake ndinawalozera abale a wosowayo miyala ija, ndipo mabwato anayi anafufuza gombe lonselo mpaka masana. Sanapeze kanthu. Akuluakulu a banjalo anagwirizana kuti asiye kudikira, achite maliro ndi chimene chapezekacho.

Madzulo a Lolemba, nditaweruka kuntchito, mng'ono wake uja anabwera kushedi kwanga. Anakhala pa bokosi la bambo n'kumandiyang'ana ndikugwira ntchito. Bawutiyo ndinali nditaimata ndi guluu wolimba, ndipo ndinkaopa kuti ndikaikakamiza mtengo ung'ambika iye akuona. Ndinaitenthetsa ndi kandulo pang'onopang'ono, n'kumaigwedeza ndi pulayala mpaka inatuluka. Bowo lotsalalo ndinalitseka ndi kachidutswa ka nkhafi yomweyo kamene ndinakapeza m'zinyalala. Vanishi ndinamupala ndi galasi losweka, mosamala kwambiri pofika pa mizere ija. Iye anaulandira mpiniwo ndi manja awiri, anaukulunga m'chitenje cha amayi ake n'kuchoka osatsanzika.

Mkulu wa ku Mzuzu anatumiza uthenga kuti chigawo chotsalacho sachifuna, ndipo ndisadzamupangirenso ina. Tsiku la maliro ndinapempha chilolezo ku ofesi n'kupita. Palibe amene anandithamangitsa, komanso palibe amene anandisunthira pabenchi, choncho ndinaima kumbuyo pansi pa mtengo wa mango mpaka mwambo wonse unatha. Pobwerera ndinayenda ndekha.