Kampani imene ndinapekera Atate

Atate anagwira ntchito ya m'maluwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ine ndinatha zaka zanga zonse za sukulu ndikubisa zimenezo. Tinkakhala ku Kalingalinga. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kupita ku mayadi a ku Kabulonga kukatchetcha kapinga, kuthirira maluwa ndi kuwola za agalu a eni nyumba. Atsikana anzanga akandifunsa kumene Atate amagwira, ndinkangoti ku Kabulonga, n'kutseka pakamwa, kuti tayi ndi ofesi aziwonjezere okha. Dzina loti gadeniboyi linkandiwawa koopsa. Munthu wa imvi, wondibereka ine, kumatchedwa boyi ndi ana a bwana oti ngakhale ine ndinkawaposa msinkhu.

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, bwana wawo womaliza anasamukira kunja, ndipo Atate anakhala pakhomo miyezi inayi. Munthu wozolowera khasu kukhala pansi kumamudwalitsa. Ankazungulira nyumba kufuna chokonza, mpaka anadzala maluwa m'zitini za penti kuyambira pakhomo kukafika kuchimbudzi. Amayi ankalalata kuti madzi otunga pamzere akuthera zinthu zosadyedwa, koma usiwa wa ntchito unkatiluma tonse, ndiye ankangowasiya.

Kenako mkulu wa mpingo wathu anabweretsa fomu. Sukulu ina ya ana a anthu olemera inkafuna munthu wosamalira bwalo ndi maluwa. Inali ntchito yokhazikika, ya yunifomu ndi penshoni, yoti Atate anali asanaigwirepo chibadwire. Fomuyo inali ya Chingerezi. Atate ankawerenga Baibulo la Chinyanja pang'onopang'ono ndi chala, koma Chingerezi chawo chinali cha pakamwa chabe, chomvera malamulo. Lamlungu masana titachoka kutchalitchi anasamba m'manja, anapukuta tebulo, n'kundiitana kuti wophunzira wa m'nyumba muno ndiwalembere.

Dzina, zaka ndi kumene timakhala ndinalemba mosavuta. Tsamba lachiwiri linali ndi mutu wakuti employment history, ndipo pansi pake panali mizere isanu: kumene munthu unagwirako, udindo wako, zaka zake. Mawuwa ndinkawadziwa. Aphunzitsi a Chingerezi ankatiuza kuti pamenepa m'pamene munthu umadzigulitsa, uzikometsa ndithu, usamalembe ngati wopepesa. Nditawamasulira kuti apa akufuna mbiri ya ntchito zawo, nkhope ya Atate inawala. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kajumbo ka shuga kopindidwa bwino.

Anthu ogwira ntchito m'mayadi ali ndi mwambo wawo. Bwana akamachoka umapempha kalata, ndipo kalatayo umaisunga kuposa chitupa cha ukwati, chifukwa ndiyo imakutsegulira geti lotsatira. Atate anali nawo asanu. Ena anali atayamba kuthetheka m'mopinda. Anandiuza kuti ndiwawerengere mokweza, ngakhale ankadziwa pamtima zimene zinalimo. Dona wina analemba kuti munthuyu sanathyolepo ngakhale ndimu limodzi osapempha. Bwana wina anati ankamusiyira makiyi a nyumba yonse akapita kutchuthi. Atate ankangogwedeza mutu, akumwetulira. Ine maso anga ankangogwera pa dzina lija loti gadeniboyi, pakuti kalata iliyonse inali nalo pamzere woyamba.

"Ba Tate, ivi ni vakudala," ndinatero. "Masiku ano safuna makalata ya ma madamu. Bafuna kampani."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anapindanso makalata aja mmodzimmodzi. "Lemba vamene uona ni vabwino, mwana wanga. Ndiwe unayenda ku sukulu."

Ndiye ndinalemba. Ndinapeka dzina la kampani yokonza maluwa, lomveka bwino ngati la pa chikwangwani cha m'tauni. Atate ndinawakweza kukhala kapitawo woyang'anira anthu khumi kwa zaka khumi ndi zisanu. Sindinawauze. Ndinangowasonyeza posaina, iwo n'kusaina mosamala, lilime lili kunja pang'ono. Mumtima ndinkadziuza kuti ndikuwathandiza, koma linali bodza lachiwiri la tsikulo. Zoona zake n'zakuti fomuyo inkabwerera kudzera kwa mkulu wa mpingo uja, ndipo mwana wake tinkaphunzira kalasi imodzi. Dzanja langa linakana kulemba dzina lija pamene mnzanga akanatha kuliona.

A kusukulu kuja anawaitana Lachinayi. Anavala jekete ya kutchalitchi, nsapato anazipukuta mpaka kunyezimira, ndipo kajumbo ka shuga anakaika m'thumba la mkati. Amayi anawaperekeza mpaka pamsewu. Ine ndinatsala ndikudzitama ndekha ngati kuti ntchitoyo ndawapezera kale.

Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwerako, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anakhala pa kampando kunja osavula jekete. Ine ndinali m'nyumba ndikutsuka mbale, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinamva zonse zimene ankauza Amayi. Anati anapeza anthu atatu patebulo. Mayi wina waulemu wake anawafunsa za kampani ija, iwo n'kuyankha kuti sakuidziwa. Anawafunsanso kuti ankayang'anira anthu angati, ndipo Atate anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, n'kunena kuti amene ankawatsatira m'yadi anali galu yekha. Palibe anaseka nawo. Mayiyo anatembenuza fomu, n'kuloza pamene anasaina, n'kufunsa ngati dzanjalo linali lawo. Anavomera. Atatulutsa makalata aja, mayiyo sanawalandire n'komwe. Anangoti pasukulu pamakhala ana a eni, ndiye sangalembe munthu amene pepala lake likunena zina, pakamwa pake zina.

Amayi anakwiya. Anafunsa chifukwa chake sananene kuti fomuyo anachita kulemberedwa, pakuti anthu ambiri amalemberedwa ndipo si mlandu.

"Nikambe kuti mwana wanga ndiye wa boza, pamaso pa bantu?" anatero Atate motsitsa mawu. "Iyayi. Ni bwino nikhale ine."

Ndinaima ndi mbale m'manja, thovu likuuma m'zala. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanali ngati aja a kusukulu. Aja anali onyada, awa anali oti pansi patseguke ndilowe. Munthu amene mabwana asanu anamulembera kuti saba ngakhale ndimu, anakatchedwa wabodza atavala jekete ya kutchalitchi, ndipo wolemba bodzalo ndinali ine, ndi zilembo zanga zokongola zimene aphunzitsi ankaziyamikira.

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndikanakonda mbama, chifukwa mbama imatha. Amayi anandinena mokwanira mpaka aneba anamva, koma Atate sanatchulepo nkhaniyo. Madzulo anathirira zitini zawo monga mwa masiku onse, ndipo ndikawapatsa madzi osamba ankathokoza. Ine ndinkakonza mawu opepesa tsiku lililonse, n'kumawameza ndikangoona nkhope yawo.

Patatha milungu ingapo, mkulu wa mpingo uja anatumizanso fomu ina, ya malo ogona alendo. Nditaiona patebulo ndinati mwayi wanga ndi uwu. Ulendo uno ndilemba yadi iliyonse, chaka chilichonse, ndi dzina lija momwe, lionedwe ndi aliyense wofuna. Ndinapukuta tebulo ndekha, n'kukhala pansi kuwadikira.

Atate anatuluka kuchipinda atavala chipewa. Anatenga fomu ija, anaipinda pakati, n'kuilowetsa m'kajumbo ka shuga pamodzi ndi makalata awo.

"Nkhala chabe, mwana wanga, upumule," anatero mwaulemu. "Niyenda kuli ba elda ba mpingo, bazanilembela."

Anatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino. Cholembera chinali kale m'manja mwanga, chotsegula.