Mayi Luisa ndi Mlimi wa Thonje Uja

Ku Ngabu munthu asayerekeze kunyoza Mayi Luisa! Anali namwino wamfupi, waukali, wophunzitsa atsikana unamwino pachipatala china cha mishoni. Mabuku sankawakana, koma ankati buku silibuula. Iwo ankabweretsa nkhani ya wodwala weniweni, atsikanawo n'kumalimbana nayo mpaka apeze matenda.

Nkhani imodzi inali yawoyawo. Mu 1974 mng'ono wawo Priska anamwa madzi a m'chitini chimene ankasungunuliramo mankhwala opopera thonje. Anafika pachipatalapo dovu lili chuchuchu, thukuta kamukamu, miyendo ikunjenjemera. Bambo Symon, amene ankaona odwala tsikulo, sanadzuke n'komwe pampando.

"Kachasu ameneyo. Kamugonekeni pansi pa mtengo, atsitsimuke."

Priska anafera pansi pa mtengowo, Luisa ali ku Nsanje kukatemera ana. Kukadandaula kuti? Symon anali mlamu wa tcheyamani wa chipani, ndipo wolankhula ankasowa osatsanzika. Luisa anameza mawu, koma analumbira kuti bamboyo adzavomera yekha, ndi pakamwa pake, anthu akumva.

Anadikira zaka zisanu. Tsiku lina sisitere wamkulu anatuma Symon kukayesa atsikanawo mayeso, sisitereyo n'kukhala kumbuyo. Luisa anaimirira kuti apereke nkhani ya wodwala.

"Ana inu, mayi wabwera kuchokera kumunda wa thonje. Dovu, thukuta, kunjenjemera. Mukutani?"

"Timununkhize m'kamwa!" anatero Evelesi, wapatsogolo.

"Mowa sukumveka," anayankha Luisa.

"Tione maso," anatero mtsikana wina.

"Kakuda ka m'diso kachepa ngati njere ya mapira."

Kalasi inagawanika, ena khunyu, ena malungo. Luisa anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo Symon, akuluakulu ndinu. Tithandizeni, ana asokonezeka."

Bamboyo anayang'ana kukhomo. Sisitere anali atakonza kale cholembera.

"Ndi mankhwala a thonje," anatero chapansipansi.

"Akumbuyo sanamve, bambo. Fani ikusokosa."

"Mankhwala a thonje!"

"Nanga wina atati waledzera, kamugonekeni panja, tinganene kuti watani?"

Kolala ya Symon inanyowa. Atsikana makumi awiri anali maso pa iye.

"Wapha munthu," anayankha Symon.

"Takhuta," anathokoza Luisa m'Chisena cha kwawo. Kenaka anamenya tebulo mpaka choko chinagwa. "Mwakhaliranji? Lembani mmene ayankhulira bambowa, osasintha liwu. Pansi pake mulembe dzina lawo ndi tsiku la lero."