Chaka Chimene Ndinavomera Mlandu wa Hita

Chimene ndimachionabe m'maso ndi diresi langa la buluu litayanikidwa pa chingwe kuseri kwa nyumba yathu ku Hara, kumbuyo kwake kuli chibanga chachikasu chachikulu ngati mbale. Linkayanikidwa pamenepo Lamlungu lililonse masana, m'nyengo ya dzuwa la Okutobala, pamene minda ya mpunga inkanunkha matope ofunda ndipo nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo aliyense wodutsa kupita ku mjigo ankadziwa tanthauzo la chibangacho.

Bambo anga anali kalaliki ku sikimu ya mpunga, ife kwathu n'ku Ntcheu. Anali atagula kagalimoto kakale ka bokosi kumbuyo kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo ankakasamala kuposa nsapato zawo za ku ofesi. Lamlungu tinkakapemphera ku Mlare, kumene kunali anzathu ena akumwera. Pampando pankakhala bambo ndi amayi, khanda lathu lili pamiyendo pa amayi. Ine malo anga anali pansi, pa thumba lopinda, pakati pa mapazi a amayi. Ndinkawakonda malowo ngakhale kunja sindinkaonako kanthu koma nsonga za migwalangwa. Injini ikayamba kung'ung'udza ndinkagona tulo, ndipo tikafika ndinkadzuka thumba lili chinyontho, diresi litanyowa, madzi ake ofunda.

Tsiku loyamba ndinakana. Lachiwiri ndinakananso, ndikulira. Amayi sanali munthu wankhanza, koma anali ndi umboni m'manja, ndipo ankati mwana wamkazi wokodzera m'galimoto adzakodzera ndi ku ukwati komwe. Anandiletsa tiyi wa m'mawa ndi madzi akumwa tsiku la ulendo, m'kutentha kwa Karonga kuja. Mayi wina woyandikana nafe anawalangiza kuti andimangirire chule m'chiuno, koma bambo anakana, nati m'malo mwake ndikapitiriza sindipita nawo ku Ntcheu pa Khirisimasi, nditsala ndi mayi yemweyo. Anzanga osewera nawo mpira wa fulaye anali atandipatsa kale dzina limene sindilemba pano. Pofika Lamlungu lachinayi ndinavomera. Sikuti ndinkanama kuti andileke, ayi. Ndinaganiza kuti poti ndimakhala ndili m'tulo, ndipo akuluakulu onse akunena chimodzimodzi, ndiye kuti ndi ineyo basi.

Nthawi yonseyi galimotoyo inkamwa madzi ngati ng'ombe. Bambo ankathira chigubu mu rediyeta m'mawa uliwonse, n'kumati ndi dzuwa, pakuti pansi pamene inkagona panalibe ngakhale dontho. Galasi lakutsogolo linkachita nthunzi mkati masana dzuwa likuswa mtengo, iwo n'kumapukuta ndi mpango, ati ndi mpweya wa anthu anayi. Palibe amene anaziika pamodzi zinthu zimenezi.

Lamlungu lina, tikulowa pa Mlare, injini inawira, nthunzi n'kutulukira m'mbali mwa boneti. Anyamata amene ankafunsa makadi a chipani pakhomo la msika anatithandiza kukankha mpaka pansi pa mtengo wa mango, pamene pankagwirira ntchito a Msowoya, makaniko wamkulu wa imvi, wolankhula Chichewa chokoka ngati Chitumbuka. Munthuyo analibe phuma. Anadikira injini izizire, anathira madzi, n'kuyamba kufufuza mmodzimmodzi ngati wosankha miyala mu mpunga. Anapapasa rediyeta, youma. Anafinya mapaipi a labala, osang'ambika. Anasolola chitsulo choyezera oyilo kuona ngati wasanduka ngati mkaka, koma anali wakuda bwinobwino. Kenako anatsatira ndi chala timapaipi tiwiri tolowera mkati mwa galimoto, nazungulira, natsegula chitseko cha amayi, nanyamula thumba langa.

Bambo anachita manyazi, nawauza chapansipansi kuti zimenezo azisiye, ndi za mwana. Ine ndinali nditaima potero, manja kumbuyo kubisa diresi. A Msowoya anaviika chala m'madziwo, ananunkhiza, kenako analawa.

"Adada," anatero, "ine ndakula, koma mwana wokodza dzimbiri sindinamuonepo."

Analiza injini, natiuza tonse tiwerame tiyang'ane kunsi kwa dashibodi. Kwa kanthawi panalibe kanthu. Injini itatentha, dontho lachikasu linatulukira pa kabokosi kachitsulo, linalendewera, n'kugwera pamalo penipeni pamene ndinkakhala. Linabwera lina, kenako lina. Anafotokoza kuti m'kabokosimo muli karediyeta kakang'ono, hita, kamene azungu amaothera moto m'galimoto kwawo kozizira. Madzi otentha a injini amadutsamo, ndipo kakabooka amatayikira mkati, osati pansi. Pa maulendo aafupi a ku ofesi injini sinkatentha mokwanira, ndipo pang'ono potayikapo dzuwa linkaumitsa.

Anamasula kanthuko, anatseka paipi imodzi ndi chala, kwinako napopera pampu ya njinga katamizidwa m'beseni. Thovu linatuluka malo atatu. Anati kuwotcherera ndi mtovu n'kutaya nthawi, chitsulo chadyeka. Anatenga kachidutswa ka paipi yamadzi, anakapinda pa nthambi, nalumikiza timapaipi tiwiri tija kuti madzi azingobwerera ku injini, namanga ndi waya mbali zonse. Anaseka kuti ku Karonga kuno munthu wofuna moto m'galimoto ndi woyenera kupita naye kuchipatala. Kupemphera tinachedwa, koma madzi sanatsikenso.

Pobwerera ndinakhala pamalo anga, ndipo ndinafika wouma. Masiku amenewo wamkulu sankapepesa mwana, ndipo ine sindinkayembekezera. Bambo anandigulira botolo la zakumwa pa golosale, osanena chifukwa. Amayi anadikira mpaka tili awiri kukhitchini, akupeta mpunga, osandiyang'ana.

"Nanga iwe unavomereranji?"

Ndinagwada n'kuyamba kutola mpunga wogwera pansi, iwo akupitiriza kupeta. Ku Ntcheu ndinapita. Dzina lija linandikakamira mpaka tinasamuka ku Hara, chifukwa nkhani ya hita sikoma kuifotokoza pa fulaye. Ndaphunzitsa ana a pulayimale zaka zambiri, ndipo ndaweruza milandu ya mapensulo, ya mawindo osweka, ya mabenchi onyowa. Mwana wokana sandivuta, timakambirana. Amene amandiimitsa mtima ndi uja wovomera msanga, maso ali pansi. Ameneyo ndimamuuza akhale kaye, ine ndipite ndikaone ndekha.